Mawu a Kuseri kwa Chitenje

Amene anaiona Mzuzu masiku a Chitaganya amaikumbukira ndi nkhungu ndi matope ofiira. Inali tauni yongophuka kumene, maofesi a boma apa, sitolo za Amwenye apo, kwinako mizere ya mitengo ya pa esiteti, ndipo pafupifupi aliyense wokumana naye pamsewu anali wobwera. Mmodzi mwa obwerawo anali Zebedee Chikaonda wa ku Ntchisi, kalaliki wa ku ofesi ya misewu, amene boma linamuponya kumpotoko akadali mnyamata. Anakwatira Rachael NyaMhone wa ku Chintheche, anamanga nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri ku Chiputula, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, dzina lake Nelia.

Zebedee anali ndi nthenda imene anzake a ku ofesi ankaiseka. Ankafuna kulemba buku la Chinyanja, losimba za anthu amene anakumba msewu wotsikira ku Nkhata Bay ndi makasu. Mapepala anali nawo, inki inalipo, tebulo anakhomera yekha n'kuliika m'chipinda chogona pafupi ndi zenera. Koma akalemba tsamba lero, mawa ankaliwerenga, kupukusa mutu, n'kuyatsira moto.

Chimene chinkamugwira kuti asaleke ndi kalendala. Mmwenye wina ankagawa makalendala chaka chikamatha, ndipo pansi pa mwezi uliwonse pankakhala mawu anzeru a Chingerezi, onenedwa ndi anthu amene Zebedee sankadziwa ngakhale dziko lawo. Iye ankawatembenuzira m'Chinyanja, kukwera pampando, n'kuwalemba ndi khala pamwamba pa khoma, moyang'anana ndi tebulo. "Cholembera chikabuntha, chinole, usachitaye." "Mtsinje supempha njira kwa mwala." Amene ankawakonda koposa anali pakatikati, m'zilembo zikuluzikulu: "Tsamba loyera silikukuopseza, likukudikira." Mtima ukafooka ankangodzutsa maso, kuwerenga, n'kuviikanso cholembera.

Rachael anali mkazi wa pakamwa pothwa. Akalowa ndi mbale n'kumupeza mwamuna wake ali pampando, khala kumanja, ankaima pakhomo n'kufunsa:

"Bambo a Nelia, alendo anu a pakhomawa adya kale, kapena ndiwonjezere ndiwo?"

"Sekani, mayi a Nelia. Anthu awa ndiwo adzandilembetsa buku."

"Ndiye auzeni afulumire, khoma latsala pang'ono kutha."

Chifuwa chinamuyamba Rachael nthawi ya dzinja. Poyamba anati ndi chinfine cha Mzuzu, chimene sichisiya mlendo. Kenaka anayamba kuwonda, thukuta, n'kuona magazi pakansalu. Ku chipatala cha mishoni anamugoneka kwa miyezi, anamubaya majekeseni mpaka matako kuuma, pamapeto pake anamuuza Zebedee pambali kuti amutenge mkazi wake azikapuma kunyumba. Anawalangizanso kuti mwana asagone nawo. Nelia anali atangoyamba kulumikiza mawu. Mlongo wa Rachael, Amos, anakwera kudzamutenga, ndipo tsiku limenelo Rachael sanalire. Anangopempha kuti mphasa yake aisunthire kukhoma, ayang'ane kumeneko.

Zebedee sanadziwe chomuchitira. Akaweruka ankakhala pafupi n'kumamuwerengera mawu a pamwamba aja, mmodzi mmodzi, monga mlaliki. Rachael anamupirira kwa kanthawi, kenaka tsiku lina anamudula.

"Bambo a Nelia, anthu anuwa anayamba adwalapo chifuwa?"

Zebedee anati sakudziwa.

"Amayankhula ngati anthu okhuta. Tengani khala lanulo, mulembeko anga. Nelia adzakula osandidziwa mawu. Mulembe pansi pano, poti ndizitha kuona ngati mukunama."

Ntchito inayamba choncho. Rachael ankanena, Zebedee ankagwada n'kulemba m'munsi mwa khoma, pamwamba pang'ono pa mphasa. Sanali mawu a m'makalendala. "Usipa wouma uyambe wauviika usanaphike, ndi anthu ouma chimodzimodzi." "Ukakwiya usasese, umangomwaza fumbi." "Wobwereka mchere usamuyang'ane m'manja." Mwambi wina anaunena akumwetulira, maso ali pa mwamuna wake: "Mwamuna akakhala chete sikuti akuganiza, nthawi zina wangokhuta." Zebedee anakana kulemba umenewo, koma Rachael anati ngati salemba adzakamunenera kumwamba, ndipo anaulemba. Nthawi zina ankafuna kukonza mawuwo kuti amveke ngati a m'buku. Rachael ankamugwira dzanja. Ankati mwana adzafuna amayi ake, osati kalaliki.

Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo Zebedee analeka kuyang'ana pamwamba. Akakhala patebulo maso ake ankatsikira pansi, ndipo masamba amene analemba nyengo imeneyo sanawayatsire moto.

Madzulo ena atabwera ku ntchito anapeza chitenje chobiriwira cha Rachael, chimene ankabelekera Nelia, chitakhomedwa pakhoma ndi minga, kumutu kwa mphasa. Zala za mkazi wake zinali zakuda ndi makala, ndipo anali wefuwefu ngati wakwera phiri. Anamuuza kuti kuseri kwa nsaluyo walembako yekha, ndi dzanja lake, mawu a Nelia. Anamupempha kuti asavundukule iye akadali moyo, chifukwa akawerenga adzalira, ndipo iye alibe mphamvu zotonthoza munthu wamkulu. Akadzapita, awerenge, asunge, adzamupatse mwana akadzakula.

Zebedee analonjeza, ndipo anasunga lonjezo. Ankasesa m'chipindamo, ankasintha zofunda, mphepo ya pazenera inkagwedeza chitenjecho, iye n'kuyang'ana kumbali.

Mnansi wawo anali Yona Mhango, dalaivala wa lole, munthu wa phokoso koma wa mtima wabwino. Tsiku lina atabwera kudzazonda anayang'ana khomalo n'kumukokera Zebedee panja. Anamuuza kuti makala si inki, akopere zonsezo papepala nthawi ikadalipo. Rachael nayenso ananenapo kawiri konse. Zebedee ankavomera, ankatenga pepala, koma dzanja linkakana. Kwa iye kukopera kunali kutsanzika. Pepala n'losungira mawu a munthu amene kulibe, ndipo Rachael analipo, akutsokomola, akumunyoza kuti phala lake lili ndi mibulu. Khoma silithawa, anadziuza, nyumba ndi yake, anaimanga yekha.

Rachael anatisiya m'mawa wina wa mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba Chiputula yense. Nyumba inadzaza msanga. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a kumpingo kumene Rachael ankapemphera, anafika ndi nyimbo zawo. Amuna anakhoma bokosi kuseri. Akwawo kwa malemu anatumiza mawu kuti mwana wawo akagone ku Chintheche, ndipo Yona anapempha lole kwa bwana wake. Ponyamula thupi, Zebedee anatsalira m'chipinda. Chitenje chinali pomwepo, m'mphepete mwake mutapindika pang'ono. Anatambasula dzanja. Koma pakhomo panaima amayi awiri odzatenga mphasa, ndipo panja injini inali italira kale. Sanafune kuwerenga mawu a mkazi wake anthu akumuyang'ana. Anatuluka, n'kupereka kiyi kwa Edina NyaGondwe, mkazi wa Yona, kuti aziyang'anira nkhuku.

Ku Chintheche anakhala mpaka mwambo wometa utatha. Akuluakulu atakhala pansi, Amos ananena mosazungulira kuti mwana wamkazi wamng'ono chotere sangakule m'manja mwa mwamuna wokhala yekha kutauni. Nelia akhala ndi agogo ake. Zebedee sanatsutse. Mwanayo anali atayamba kale kuyankhula Chitonga, ndipo Zebedee atamunyamula, iye anamuyang'ana ngati mlendo, n'kulirira agogo ake. Anamutsitsa. Anauza alamu akewo kuti amayi a mwanayu anasiya mawu, ndipo iye adzabwera nawo olembedwa bwino, kuti Nelia akadzadziwa kuwerenga adzamve mayi ake akumuyankhula. Amos anagwedeza mutu n'kunena kuti chimenecho ndi cholowa chabwino.

Njira yonse yokwera kubwerera ku Mzuzu, atakhala pamwamba pa matumba a chinangwa kumbuyo kwa lole, Zebedee ankangoganiza za chitenje chija. Anakonza zonse m'mutu. Akafika atseka chitseko, asamba m'manja, azula minga ija mmodzi mmodzi.

Nyumba anaionera patali, ndipo poyamba anayesa wasochera. Inali mbee, yoyera ngati tchalitchi cha pa Khirisimasi. Pabwalo panali poseseka, nkhuni zitaunjikidwa pakhonde, ndipo pamkeka panakhala amayi a Umanyano akumudikira, Edina ali pakati pawo. Ananyamuka, kumulandira katundu, kumupatsa moni wa chisoni. "Phepani chomene, adada," anatero mmodzi mmodzi. Edina ndiye anayankhulira onse, mwa Chinyanja chake chokokera ku Chitumbuka. Anati kwawo kuno wofedwa salowa m'nyumba imene ikununkha matenda. Anati iwo anaona kuti bambowa alibe mbale pafupi, ndiye anasonkherana laimu, anachapa zonse, anazira pansi, anapaka makoma kunja ndi m'kati, kuti akalowa mtima usamangokumbuka. Pakhoma pomwe pankagona malemu, iwo anayamba akwecha ndi madzi otentha ndi phulusa, poti nthenda ija imakakamira.

Zebedee analowa. Fungo la laimu linamulasa m'mphuno. Tebulo linali pamalo pake, mapepala ataikidwa bwino, mwala pamwamba. Chitenje chobiriwira chinali pampando, chochapidwa, chositidwa, chopindidwa kanayi. Khoma linali loyera kuchokera kudenga mpaka pansi.

Anaima pamenepo nthawi imene iye mwini sanaidziwe kutalika kwake. Panja amayi aja anali akudikira. Anadziwa chimene ankadikira, ndipo anadziwa kuti anachigwirira ntchito. Anasiya ana awo ndi minda yawo, manja awo anasupuka ndi laimu chifukwa cha mlendo wa ku Ntchisi. Anatuluka, anakhala pansi monga mwa ulemu, anawomba m'manja.

"Yewo, amama. Yewo chomene. Mwandichitira zimene abale anga akanachita."

Mawu anatuluka bwinobwino. Amayiwo anasangalala, anaimba nyimbo imodzi, anapemphera, n'kubalalika.

Masiku otsatira Zebedee anayesa zonse. Anapala laimu ndi mpeni kumutu kwa malo a mphasa, pang'onopang'ono, koma pansi pake anangopeza dothi losalala, lokwechedwa. Anakhala patebulo kuti akumbukire mawu amene analemba yekha. Mwambi wa usipa unabwera, wa mchere unabwera, wa mwamuna wokhuta unabwera n'kumuliza. Ena anabwera opunduka, mutu ulipo miyendo palibe, ndipo akawalemba ankamva kuti ndi kalaliki akuyankhula. Chomupweteka n'chakuti a m'makalendala onse ankawadziwa pamtima, osaphonya ngakhale chilembo. Koma a kuseri kwa chitenje sakanawakumbukira, poti sanawaonepo.

Yona ndiye anazindikira. Anamupeza Loweruka masana atagwada kukhoma ndi mpeni, anayang'ana, n'kuvula chipewa. Anati iye anali ku Karonga ndi lole pamene amayi ankapaka, akanakhalapo akanawaletsa. Anapita kwawo, ndipo posakhalitsa anabwera ndi mkazi wake. Edina anakhala pansi pakhomo la chipinda, osalowa, manja ali pamiyendo.

Zebedee anamufunsa mofatsa ngati ndiye anachotsa chitenje. Edina anavomera. Anamufunsa ngati kuseri kwake kunali zolemba. Anati zinalipo, zilembo zazikulu zokhotakhota, mizere ingapo, osati dzanja la abambo. Iye anadziwa kuti ndi dzanja la NyaMhone.

"Munawerenga?"

"Adada, ine sukulu ndinalekera panjira, ndimawerenga mochedwa. Komanso mawu a munthu wakufa, olembera wina, si bwino kuwawerenga. Ndinaopa. Ndinati awa akawaona abambo adzadwala nawo mtima."

"Palibe ngakhale limodzi limene linalowa m'maso?"

Edina anapotokola nsonga ya mpango wake. Kenaka anati mzere woyamba unamulowa asanafune, chifukwa unayamba ndi dzina la mwana. Dzanja linali likupukuta kale kuchokera kumapeto, maso akuyamba kumayambiriro, ndipo zinakumana pakati.

"Panalembedwa kuti, Nelia, ukadzandisowa usapite kumanda, upite..."

"Upite kuti?"

"Pamenepo nsanza inali itadutsa kale, adada."

Yona anayamba kumukalipira mkazi wake m'Chitumbuka, koma Zebedee anakweza dzanja. Anati amayiwa sanalakwe, anachita mwambo wawo, ndipo anauchita ndi chikondi. Edina analira, n'kunena kuti mwina panali "kutchalitchi," kapena "kwa adada ako," iye angayese kukumbukira. Zebedee anamupempha kuti asayese. Anati mawu ongopeka angakhale oipa kuposa khoma loyera.

Atapita anthuwo analemba mzere wodukawo papepala, n'kuuyang'ana. Mayeso anali aakulu. Iye anali munthu wa zolemba, akanatha kuumaliza mokoma, ndipo Nelia sakanadziwa mpaka imfa. "Upite kwa bambo ako." Ndi mawu amene mtima wake unkafuna. Anaviika cholembera, anachigwira pamwamba pa pepala mpaka inki inadontha n'kupanga banga. Anamva ngati dzanja lowonda lija lamugwira pamkono. Anachibweza.

Buku la msewu analiika m'bokosi. Kwa miyezi sanalembe kanthu koma za ku ofesi. Ankapita ku ntchito, kubwera, kudya zimene Edina watumiza, kugona chipinda chinacho. Amos anatumiza uthenga ndi munthu wa basi kufunsa za mawu aja, ndipo Zebedee anayankha kuti akukonza.

Mvula ya Mzuzu ikayamba siidziwa kuleka. Chaka chimenecho inagwa mpaka makoma a zidina anayamba kutuluka thukuta. Lamulungu lina atachoka ku tchalitchi, Zebedee analowa m'chipinda chija kuti aone ngati denga likudontha, ndipo anaima. Laimu atanyowa anali atapyapyala, ndipo pamwamba pa khoma, pamene amayi aja sanakweche koma kungopaka, zilembo zinali zitabwerera. Zinali zotuwa ngati utsi, koma zowerengeka. Cholembera chobuntha chinalipo. Mtsinje ndi mwala wake zinalipo. Anagwada msanga, anayang'ana m'munsi, anapaka madzi ndi chikhatho pamalo a chitenje, anadikira. Panalibe kanthu. Alendo a m'kalendala anabwerera onse, mwini nyumba yekha ndiye sanabwere.

Anaseka, kuseka koipa kwa munthu ali yekha. Akanakhalapo Rachael akanati alendo amenewa alibe ulemu, akubwera pamaliro atatha. Anakhala pampando n'kuwayang'ana mwaudani. Maso ake anagwera pa aja a pakati, a zilembo zikuluzikulu: "Tsamba loyera silikukuopseza, likukudikira." Kale ankawamva ngati mawu a munthu wokhuta amene akumusisita pamsana. Tsopano anayang'ana m'munsi mwa khoma, poyera pamene panali mkazi wake, ndipo anaganiza kuti mwina amene ananena mawuwo nayenso anali ataikapo wina m'manda. Sakanadziwa.

Anakoka pepala lija la banga la inki. Mzere wa Rachael anausiya monga unalili, wothera pa "upite," ndipo kutsogolo kwake sanalembe kanthu. Anadumpha mpata waukulu, wokwanira mizere ingapo ya zilembo zazikulu zokhotakhota. Pansi pake anayamba ndi dzanja lake. Anamuuza Nelia kuti mawu a pamwambawo ndi a amayi ake, kuti otsalawo anafufutika, ndipo kuti iye bambo ake sakudziwa kumene amayi ake ankamutuma. Chimene akudziwa ndi kumene amayi akewo ankapita.

Analemba za chitsime cha kumunsi kwa Chiputula, kumene Rachael ankafika mochedwa dala kuti apeze nkhani zitapsa. Analemba za pamsika, pamene ankanunkhiza usipa n'kuuza wogulitsa tsiku limene unaphedwa, mpaka wogulitsayo kuchita manyazi. Analemba za benchi lachitatu kumbali ya amayi, pamene ankaimba mokweza kuposa onse koma mophonya. Za mtengo wa gwafa umene anabzala kuseri kwa nyumba n'kumaukalipira kuti ukuchedwa kubala. Dzanja silinaime. Sanayang'ane pamwamba, sanang'ambe tsamba.

Dzuwa litabwerera khoma linauma, ndipo alendo a m'kalendala anazimiriranso m'laimu. Zebedee sanawalembenso. Masamba aja anawasoka ndi ulusi, anawakulunga m'chitenje chobiriwira, ndipo tchuthi chitafika anatsika nawo ku Chintheche. Nelia anabisala kuseri kwa agogo ake. Amos, amene ankadziwa kuwerenga, anamasula mfundo, anatsegula tsamba loyamba, anawerenga mzere wa mlongo wake, n'kuima pamene unathera. Anatembenuza pepalalo kuona kuseri, anabwereranso.

"Alamu, apa mwasiya malo."

"Eya," anatero Zebedee. "Ndi pa amayi ake pamenepo."